Waya wa magetsi umanyamuladi intaneti, koma tiyambe taona mmene tinaumangira

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhire pagulu funso limene anandifunsa mwana wa achemwali anga, yemwe ndi mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Ntcheu. Anandiimbira Lamulungu lina madzulo, mawu ake akuchita kuonetsa kuti watola nkhani yabwino. "Amalume," iye anatero, "ndaona pa Facebook kuti kwanuko kuli timabokosi tongobaya pa soketi, basi intaneti n'kumatuluka m'mawaya a magetsi. Pasukulu pathu magetsi anafika kale. Tatitumizirenikoni tiwiri pa basi." Ndinamuyankha mwachidule tsikulo, koma nkhaniyi inandigonera pamtima. Ngati mphunzitsi akuganiza chonchi, ndiye kuti alipo ambiri kumudziko amene angataye ndalama pachabe, ndipo enanso adzanyoza luso labwino chifukwa analiika pamalo posayenera.

Timabokosito tilipodi, ndipo ine ndaikapo tambiri. Koma intaneti simera m'waya ngati bowa pachulu. Iyenera kufika kaye pamalopo mwa njira ina, kaya faiba (waya wagalasi wonyamula intaneti), kaya rauta (kabokosi kogawa intaneti) yoikamo simu khadi, kenako waya wa magetsi n'kuilandira n'kuipititsa m'zipinda zina. Ndipo changu chimene iyendere m'wayamo sichichokera pa nambala yolembedwa pa katoni. Chimachokera m'manja mwa munthu amene anamanga mawaya a nyumbayo.

Ine ndine wa zamagetsi. Ntchitoyi ndinaiphunzirira ku Blantyre, ndipo kuno ku Joni ndinabwera mu 2011. Ndimamanga mawaya m'nyumba, ndimaika makamera, mamota a mageti, ndi WiFi. Ndimakhala ku Rosettenville, mumpanda umene muli nyumba yaikulu kutsogolo ndi zipinda 7 kuseri, ndipo mwa ife a kuseri, mabanja 5 ndi Amalawi. Faiba itafika mumsewu wathu, eni nyumba anailowetsa m'nyumba yaikulu n'kutiuza kuti tizisonkha pang'ono mwezi ndi mwezi, tizigwiritsa ntchito tonse. Tinakondwa, chifukwa bandulo kuno imadya ndalama zimene zikanapita kumudzi. Vuto linali makoma. Nyumba za ku Rosettenville ndi zakale, njerwa zake ziwiriziwiri, ndipo WiFi inkathera pakhomo la khitchini. Madzulo mukanationa titaunjikana pansi pa windo la eni nyumba, m'June, chisanu chikulowa m'mafupa, aliyense foni m'mwamba kuti alankhule ndi ana ake ku Malawi. Kuboola khoma kuti ndikoke kebulo, eni nyumba anakaniratu.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawaya a magetsi anali kale m'makomamo, kuchoka pa bokosi la DB, logawira magetsi m'nyumba, kukafika chipinda chilichonse. Ndinagula timabokosi tiwiri, kamodzi ndinakabaya pafupi ndi rauta, kena m'chipinda changa, chomwe chili kumapeto kwenikweni. Pa katoni panalembedwa 1200, kutanthauza ma Mbps, muyeso wa changu cha intaneti. Faiba ya eni nyumba inali ya 50 basi, ndiye ndinkati zonsezo zifika kwanga popanda chotsala panjira. M'mawa wa tsiku loyamba ndinayeza n'kupeza 31. Ndinati palibe kanthu. Koma dzuwa litalowa, anthu atabwera ku ntchito, nambala ija inatsika mpaka 3, nthawi zina n'kuduka kumene. Achimwene a chipinda choyandikana nane, a ku Nkhotakota, anabwera foni ili m'manja nkhope ya akazi awo itauma pa sikirini. "Achimwene, ndalama zathu zija zapita?" Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinachita manyazi, chifukwa anandikhulupirira.

Loweruka lotsatira sindinapite kuntchito. Ndinaika laputopu patebulo kuti izingoyeza changu osaleka, ndinapempha mnyamata mmodzi kuti azindikuwira nambala, ine n'kuyamba kuzimitsa ndi kuzula zinthu chimodzichimodzi mumpanda monsemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Filiji ya eni nyumba inalibe mlandu. Ketulo inalibe mlandu. Nditazula chaja china m'chipinda chachitatu, mnyamata uja anakuwa kuti nambala yakwera ndi 10. Chinali chaja chija chogula pamsewu m'tauni, chopepuka ngati mulibe kanthu. Ndinachiswa pamaso pa mwini wake nditamulonjeza china. M'kati munali malo osindikizidwa bwinobwino poyenera kukhala tizipangizo tosefa phokoso, kutanthauza timafunde tosokoneza timene chipangizo chimataya m'waya, koma malowo anali opanda kanthu. Opanga anasunga tindalama tochepa, phokoso n'kulitayira m'mawaya a nyumba yonse.

Wachiwiri anali makina osokera a mayi wina wa ku Mangochi, amene amasoka madiresi ndi mayunifomu a tchalitchi mpaka pakati pa usiku. Akangoponda, nambala pansi. Akachotsa phazi, nambala m'mwamba. Ndinatsegula kamota kake ndipo maburashi anali atatha, akuthetheka moto wabuluu pozungulira. Kuthetheka kulikonse kumaponya phokoso m'waya. Mayiwo anada nkhawa kuti tiwaletsa kusoka. Ndinati, "Ayi mayi, apa m'pamene ana anu akudyera. Makina asokabe." Ndinasintha maburashi, makinawo ndinawabaya kudzera pa ekisitenshoni yokhala ndi sefa, ndipo kuchokera tsiku limenelo akaponda, nambala imangogwedezeka pang'ono.

Koma chachikulu ndinachipeza kudenga. Nditasuntha lata limodzi n'kuunika ndi tochi, ndinaona kuti waya wopita ku zipinda za kuseri unalumikizidwa patatu, ndipo ponsepo anangopota ndi pulayazi n'kukulunga tepi. Nditamasula tepi ya polumikiza poyamba, inali yolimba ngati chikopa chouma, kopa wa m'kati atada, pena atachita ndere zobiriwira. Waya wa ethi, uja wobiriwira ndi chikasu woteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi, anaudula pomwepo n'kuupinda kumbuyo. Tonse a kuseri tinkakhala m'zipinda zopanda ethi kwa zaka, ana akugwira maketulo ndi masitovu. Pamenepo ndinaiwala kaye za intaneti. Ndinawaitana eni nyumba kuti akwere makwerero adzaone okha, ndipo sanalimbelimbe. Tinakoka waya watsopano wopanda cholumikiza pakati, wa mitsempha yonse itatu. Madzulo a tsikulo laputopu inaonetsa 46, ndipo inakhala pomwepo ngakhale nthawi imene aliyense anali akuphika.

Chifukwa chake ndinachimvetsa bwino pambuyo pake, mothandizidwa ndi mnyamata wina wa ku Zomba amene ankaphunzira zauinjiniya kuno, ndipo tinkapemphera naye limodzi. Magetsi a m'nyumba, kuno ndi ku Malawi komwe, ndi a 230 volts ndipo amagunda ka 50 pa sekondi. Timabokosi tija timakweza pamwamba pake timafunde tating'ono togunda kambirimbiri, kuyambira cha m'ma 2 miliyoni mpaka 30 miliyoni pa sekondi, ndipo tatsopano timafika 86 miliyoni, komwe ndi 86 MHz. Waya wa magetsi sanaupangire timafunde totere. Kebulo ya kompyuta imachoka apa n'kukafika apo, yopotedwa mwadongosolo kuti phokoso lisalowe. Waya wa m'nyumba uli ngati mtengo wa nthambi zambiri, nthambi iyi yathera pa soketi yopanda kanthu, iyo yathera pa filiji, inayo pa babu. Funde likafika pamphambano iliyonse, lina limapitirira, lina limabwerera. Mnyamatayo anati ndikumbukire mmene mawu amabwererera ukakuwa m'munsi mwa phiri: ukalankhula mofulumira, mawu obwerera amagundana ndi amene ukulankhula kumene, womvera n'kusokonezeka. Polumikiza popotapota paja ndi phiri linanso lowonjezera, ndipo dzimbiri limadya mphamvu ya funde lisanafike patali.

Nzeru imene akatswiri anapeza inandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi nzeru ya kumudzi. Ngati uli ndi matumba ambiri a chimanga ndipo msewu ndi woipa, sudalira lole imodzi imene ikatitimira zonse zaima. Umagawira anyamata a kabaza ambiri, aliyense kanjira kake. Njira imeneyi amaitcha OFDM. Muyezo wa HomePlug AV, malamulo a mmene timabokositi timalankhulirana, umene unatuluka mu 2005, umagawa msewu uja kukhala tinjira 1,155. Timabokosi tiwiri tija timayamba tayesa kanjira kalikonse. Koyera timakasenzetsa katundu wambiri, kaphokoso timakasenzetsa pang'ono, koonongeka timakasiya. Wina akayatsa chitsulo chositira, timayesanso n'kugawa mwatsopano. Pamwamba pa izo timatumiza uthenga uli ndi manambala owonjezera, kuti kuthetheka kwa mota kukadya gawo lina, kolandira kathe kuwerengera n'kubwezeretsa chimene chasowa. Koma zonsezi zili ndi mtengo wake. Phokoso likachuluka, tinjira tosiyidwa timachuluka, kubwereza kumachuluka, ndipo ndi momwe 31 ija inkasandukira 3.

Za ethi nazo zinamveka. HomePlug yoyamba ya mu 2001 inkafika 14 Mbps basi. Ya mu 2005 inalonjeza 200. Ya mu 2012, imene amaitcha AV2, inabwera ndi nzeru yoti m'malo mogwiritsa ntchito laivi ndi nyutirali pokha, mawaya awiri aja onyamula magetsi, igwiritsenso ntchito waya wa ethi, misewu n'kukhala iwiri nthawi imodzi. Ndiye ine ndinagula timabokosi ta misewu iwiri n'kukatibaya m'nyumba imene msewu wachiwiri anaudula kudenga. Pali miyezo inanso, IEEE 1901 ya mu 2010 ndi G.hn ya ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, ndipo wogula adziwe kuti kabokosi ka G.hn sikalankhulana ndi ka HomePlug. Tigule ta mtundu umodzi.

Chinandinyaditsa n'choti nkhaniyi si ya ku Ulaya kokha. Pa University of Johannesburg pompano, Pulofesa Hendrik Ferreira ndi ophunzira ake anaifufuza kwa zaka zambiri, makamaka za mmene uthenga ungapulumukire ku phokoso la m'mawaya, ndipo mu 2013 msonkhano waukulu wa akatswiri a luso limeneli pa dziko lonse unachitikira mu mzinda uno. Ndimadutsa pafupi ndi Auckland Park kawirikawiri ndikamapita kuntchito, ndipo ndimaganiza kuti ngati anthu a kuno anatha kukhala patsogolo pa nkhaniyi, ana athu a ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni sangalephere.

Kunena zoona, ambiri a ife takhala tikugwiritsa ntchito luso limeneli osadziwa. Makampani a magetsi anayamba kutumizirana mauthenga pa nthambo zikuluzikulu cha m'ma 1920. Kuno ku Johannesburg nyumba zambiri zili ndi kabokosi pafupi ndi mita kamene kamazimitsa giza yotenthetsera madzi nthawi imene magetsi akufunika kwambiri, ndipo lamulo lozimitsalo limabwera kudzera m'waya womwewo wa magetsi. Palinso mamita aja opachika pa polo kapena otsekera m'bokosi kunja, inu n'kutsala ndi kachipangizo ka mabatani m'nyumba kolowetsera mayunitsi. Ambiri mwa mamita amenewo amalankhula ndi kachipangizoko kudzera pa soketi. N'chifukwa chake nthawi zina kamakana kulandira manambala mpaka mutakabaya pa soketi ya pakhoma, kapena mutazimitsa inveta. Ndaitanidwapo kangapo ndi anthu oganiza kuti mita yafa, koma vuto lili phokoso la chipangizo chimodzi m'nyumbamo.

Ndipo amene anali kuno mu 2024 akukumbukira mpanipani wa mamita a mayunitsi, pamene mita iliyonse inkayenera kusinthidwa pasanafike pa 24 November, munthu aliyense akulowetsa yekha manambala 20 kawiri asanaike mayunitsi atsopano. Ndinathandiza agogo angapo mumsewu wathu amene maso awo sankaona bwino timanambalato. Mita ikakhala yolankhulana ndi ofesi kudzera m'waya, ntchito yotere imachitika popanda munthu kuima pamzere. Ku Italy kampani ya Enel inayamba mu 2001 kuika mamita otere, ndipo inaika pafupifupi 30 miliyoni. Amenewa sathamanga ngati timabokosi ta m'nyumba. Amagwiritsa ntchito mafunde a pansi pa 500 kHz, ndiye kuti ogunda kosafika ka 500,000 pa sekondi, amanyamula uthenga wochepa, koma amafika patali. Kwa ife ku Malawi phindu lake ndi looneka: ofesi ingathe kudziwa kuti thiransifoma yakuti yazima munthu asanaimbe foni, ndiponso ingathe kuyerekeza magetsi otuluka pa thiransifoma ndi amene mamita a m'nyumba awerenga, n'kudziwa pamene akubedwa.

Tsono ndifike pa loto limene mwana wa achemwali anga analiona pa Facebook, loti paliponse pamene padutsa mapolo, intaneti yothamanga ifikanso. Ndikanakonda zikanakhala choncho, koma ndisanamize anthu. Chopinga choyamba ndi thiransifoma. Inapangidwa kuti idutsitse magetsi ogunda ka 50, ndipo timafunde tothamanga tija tikafika pamenepo timafooka kwambiri, moti pamafunika kumanga kamlatho kotilambalalitsa. Chachiwiri ndi mtunda. Timafundeti timatopa msanga, pakangopita mamita mazana ochepa pamafunika chipangizo china chotilimbikitsa. Chachitatu n'choti waya wa pa polo, wosakutidwa, umasanduka mlongoti wa wayilesi. Zimene ukunyamula umazimwaza m'mlengalenga, ndipo pakati pa 2 ndi 30 MHz m'pamene pamayenda mawayilesi a shortwave, mauthenga ena a ndege ndi a sitima za pamadzi. Ku America anayesa. Mzinda wa Manassas, m'chigawo cha Virginia, unapereka intaneti kudzera m'mawaya a magetsi kwa anthu ake, anthu okonda kulankhulana pa mawayilesi a patali anadandaula za phokoso kwa zaka, makasitomala sanachuluke, ndipo mu 2010 ntchitoyo inatsekedwa. Kumeneko thiransifoma imodzi imadyetsa nyumba zochepa chabe, ndiye timilatho tinkafunika tambirimbiri. Ife tinatengera kamangidwe ka ku Ulaya, thiransifoma imodzi kudyetsa nyumba zambiri, monga muonera ku Ndirande kapena ku Kawale. Zimenezo zimatipeputsira mbali imodzi, koma nyumba zonsezo zimagawana msewu umodzi, ndipo phokoso la nyumba iliyonse limalowa momwemo.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mtunda wautali tiusiyire faiba. Mwayi tili nawo kale, chifukwa ESCOM ili ndi faiba yoyenda pa nsanja ndi mapolo ake, yolumikiza mizinda ndi maboma. Faiba ndi galasi, simva phokoso la magetsi, ndipo akuba kopa alibe nayo phindu. Ifike pasukulu, pachipatala, pa ofesi ya boma, pamsika. Pamene palibe faiba, rauta ya simu khadi igwire ntchitoyo. Kuchoka pamenepo, mamita 50 kapena 100 otsalawo, kuchoka ku ofesi ya ahedi kupita ku laibulale, kuchoka ku wodi iyi kupita ku wodi inayo, waya wa magetsi ungathandize kwambiri pamene kukumba ngalande kapena kuboola makoma kuli kovuta. Pamene kebulo ya kompyuta ingakokedwe mosavuta, ikokedwe, chifukwa imaposa timabokosi tija nthawi zonse. Ndikunena izi ngakhale kuti timabokosito ndimatikonda.

Koma kuti mamita otsalawo ayende bwino, ntchito yaikulu ili kwa ife amisiri. Ndikupempha anzanga a zamagetsi kumudziko kuti tileke kupota mawaya n'kukulunga tepi. Kabokosi kolumikizira ndi tizomangira take si zodula poyerekeza ndi nyumba imene ingapse. Tileke kudula waya wa ethi pofuna kusunga ndalama za bwana, ndipo bwana akakakamira, timuuze mosapsatira kuti tikukana. Ndodo ya ethi ikhomedwe pansi mokwanira ndipo iyezedwe, osati kungoibaya m'dothi louma kuti woyendera aione. Kale tinkanena zimenezi chifukwa cha moyo wa anthu basi, ndipo chifukwa chimenecho chinali chokwanira. Lero chawonjezekera china: nyumba yomangidwa mawaya mwaukhondo ndi nyumba yokonzeka kunyamula intaneti. Kuno munthu sagulitsa nyumba popanda satifiketi yotsimikizira kuti mawaya ake ali bwino. Sindikunena kuti kuno zonse zili m'malo, denga la kwathu lija ndi mboni, koma lamulolo limathandiza. A MERA, amene amapereka zilolezo kwa amisiri a zamagetsi, ndi a TEVETA, amene amayang'anira maphunziro athu, angathe kuika nkhani ya phokoso la m'mawaya m'maphunziro. Mmisiri wa lero ayenera kudziwa chifukwa chake inveta yotchipa imasokoneza mita, komanso chifukwa chake timabokosi tiwiri tili pa mafezi osiyana, kutanthauza mawaya a laivi osiyana ochokera ku thiransifoma, timalankhulana monyinyirika.

A bungwe loona za miyezo la MBS nawo ali ndi gawo lawo. Machaja, mababu a LED ndi mainveta akulowa m'dziko ochuluka, ndipo ena timatumiza ndi ife tomwe a kuno, m'mabasi ndi m'malole. Chaja chimodzi chopanda sefa chinatha kugwetsa intaneti ya mabanja 7. Tsono taganizani msika wa Limbe kapena Tsoka, pamene benchi imodzi yochajira mafoni ili ndi machaja otero makumi angapo. Katundu wotere aziyezedwa phokoso lake, osati kungoona ngati akuyaka. A MACRA nawonso aonetsetse kuti timabokosi tolowa m'dziko ndi tija timene timalumpha dala mafunde a mawayilesi ofunika. Opanga abwino amasiya mipata imeneyo, ndipo n'chifukwa chakenso AV2 imaima pa 86 MHz, isanakhudze FM imene agogo amamverapo nkhani ndi zamaliro.

Chimene ndikuchilakalaka koposa ndi choti wina ayeze mawaya athu. Timabokositi anatipanga poyesera m'nyumba za ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Kwathu kuli zina. Pathiransifoma imodzi pali chigayo, wowotcherera zitsulo, saluni, ndi nyumba za anthu. Mphamvu ya magetsi imatsika madzulo mpaka babu kufiira. Mphezi za m'dzinja n'zoopsa. Nyumba zambiri tsopano zili ndi sola ndi inveta pambali pa magetsi a ESCOM. Wophunzira wa chaka chomaliza atatenga chipangizo choyezera n'kukhala sabata imodzi pa Lizulu kapena pa Jenda, kulemba mmene phokoso limasinthira chigayo chikalira, angatulutse chinthu chimene palibe buku lakunja lingatiuze. Pamenepo m'pamene tingadziwe kuti ndi mafunde ati oyera kwathu, ndi sefa yotani yoyenera kuikidwa pachigayo, ndi mamita ati oyenera kugula boma lisanawononge ndalama. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amisiri ngati ine tingathandize kukwera mapolo ndi madenga ngati ophunzirawo atatiitana.

Pali china chimene sindingachibise. Magetsi akazima, timabokosi nato timazima. Mu 2023, chaka chimene kuzimazima kunafika poipa kuno, tinkakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi. Eni nyumba anagula kabatire ka rauta, WiFi n'kumayaka m'nyumba yaikulu, koma ife a kuseri tinabwerera pansi pa windo paja. Kwathunso tikudziwa zimene zinachitika namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW nthawi imodzi. Sukulu imene ikufuna njira imeneyi iganizirenso za batire, ndipo timabokosi tonse tiwiri tikhale pa mzere umene invetayo ikudyetsa, invetanso ikhale yabwino, apo ayi idzakhala iyo yomwe ikupha uthenga.

Kwa amene ali kale ndi timabokositi, kapena akufuna kuitanitsa kwa abale awo kuno: tibayeni pakhoma penipeni, osati pa ekisitenshoni yoteteza ku mphezi, chifukwa sefa yake imameza uthenga poganiza kuti ndi phokoso. Kumbukiraninso kuti mapulagi a kuno ndi a mano ozungulira pamene a kwathu ndi a mano a makona, ndiye pafunika adaputa yabwino ya mano atatu, yogwira zolimba, yosadula ethi. Mukatibaya, dinani batani lotigwirizanitsa kuti timabokosito tipange kiyi wachinsinsi wa ito tokha. Timabisa uthenga ndi njira yolimba ya AES, koma tambiri timachoka ku fakitale ndi kiyi wofanana, moti woyandikana nanu amene muli pa waya umodzi angathe kulowa pa netiweki yanu.

Mwana wa achemwali anga ndinamuimbiranso Lachitatu. Ndinamufunsa ngati pasukulupo pali intaneti kale. Anati ahedi ali ndi rauta ya simu khadi mu ofesi, koma siifika ku chipinda cha makompyuta, chomwe chili kuseri kwa buloko ina. Ndinati zimenezo ndiye zotheka, koma atsegule kaye chitseko cha bokosi la DB, osakhudza kanthu, ajambule anditumizire. Chithunzicho chinabwera usiku womwewo. M'munsi mwa mabuleka ndinaona mawaya awiri obiriwira ndi chikasu akulendewera, osamangidwa paliponse. Ndinamuuza kuti akalankhule ndi ahedi ndi a komiti ya sukulu, aitane mmisiri wachilolezo adzamange mawayawo ndi kuyeza ndodo ya ethi, ndipo ndalama ya mmisiriyo ndithandizako. Timabokosi tiwiri ndinagula kale, pamodzi ndi maadaputa ake. Tili pamwamba pa wadiropu m'chipinda changa, ndipo ndidzatipititsa ku basi tsiku limene adzanditumizire chithunzi chachiwiri.

Ine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi,
Rosettenville, Johannesburg